Mafizo Si a Othyoka Mwendo Okha

Mwezi uno tikambirane funso limene mabanja ambiri kuno ku Chisi amatifunsa tikamayenda m'makomo. M'bale wathu akadwala matenda a maganizo, timavutika kupeza ndalama ya boti mpaka pa Kachulu, kenaka ya galimoto mpaka ku Zomba. Kumeneko amamuona, kumupatsa mankhwala a mwezi umodzi ndi kumulembera tsiku lodzabweranso. Ndiye kuti pa mwezi wonsewo achipatala amakhala naye tsiku limodzi, masiku ena 29 amakhala m'manja mwathu. Kodi m'masiku amenewa, kupatula kumukumbutsa kumwa mankhwala, pali china chimene tingachite?

Chilipo, ndipo sichilira ndalama. Ambiri timadziwa mafizo ngati chithandizo cha munthu amene anathyoka mwendo, amene anafa ziwalo ndi sitiroko, kapena mwana wochedwa kuyenda. Koma m'mayiko ambiri madokotala a mafizo amagwiranso ntchito m'zipatala za matenda a maganizo. Amaphunzitsa odwala kuyenda mwa ndondomeko, kupuma bwino, kumasula minofu yomangika ndi kudzutsa thupi limene lalemedwa ndi mankhwala. Njira zina zimafuna katswiri, koma zambiri banja likhoza kuziphunzira n'kumazichita pakhonde.

Tinene poyambirira pomwe kuti mafizo salowa m'malo mwa mankhwala kapena uphungu wa achipatala. Amene anapatsidwa mankhwala apitirize kumwa. Zimene tikambe pano ndi zoonjezera pa chithandizocho.

Maganizo amadwalira m'thupi

Munthu wovutika maganizo kawirikawiri safika kuchipatala n'kunena kuti, "Adokotala, ndili ndi nkhawa." Amati mutu ukuwawa, thupi likuphwanya, mtima ukuthamanga, pakhosi pali ngati pakhala chinthu, tulo sakuliona. Mu 2014 magazini ya Malawi Medical Journal inasindikiza kafukufuku wa a Michael Udedi amene anachitikira pa chipatala cha Matawale, m'boma lathu lomweli la Zomba. Anapeza kuti mwa akuluakulu 10 alionse obwera kudzalandira chithandizo, pafupifupi atatu anali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, koma matendawa sanatulukire pamene ankaonedwa. N'zosadabwitsa. Mzere umakhala wautali, nthawi yochepa, ndipo wodwala amatchula za thupi zokha chifukwa ndi zimene akuzimva.

Chimene chimachitika n'chakuti munthu akachita mantha, mwachitsanzo bwato likayamba kulowa madzi pakati pa nyanja, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umagunda msanga, kupuma kumakhala kwa pamwambapamwamba, minofu ya m'khosi, m'mapewa ndi kumsana imamangika kukonzekera kulimbana ndi ngoziyo. Akafika kumtunda thupi limabwerera m'malo mwake. Koma ngati manthawo ndi a ngongole, njala, banja losokonekera kapena maliro otsatizana, kumtunda kwake sikufika. Thupi limakhala lomangika usana ndi usiku kwa miyezi, ndipo mutu, khosi ndi msana zimayamba kuwawa. Ululu umenewu ndi weniweni, munthuyo sakunamizira.

Pamakhalanso vuto lina. Wodwala amayamba kusiya zinthu chimodzichimodzi: kumunda, kumsika, kucheza ndi anzake, kusamba. Akamasiya, zomusangalatsa zimachepa, thupi limafooka, masana amagona, usiku amakhala maso akuganiza. Mawa lake amadzuka wotopa kuposa dzulo, ndiye amasiyanso china. Poti maganizo amatha kugwetsa thupi chonchi, thupi nalonso likhoza kuthandiza kudzutsa maganizo. Apa ndi pamene mafizo amalowera.

Zimene ofufuza apeza

Mu 1999 ofufuza a pa yunivesite ya Duke ku America, motsogozedwa ndi a James Blumenthal, analengeza zotsatira za kafukufuku wa anthu 156 a zaka 50 kupita m'tsogolo amene anali ndi matenda ovutika maganizo. Anawagawa patatu. Ena ankamwa mankhwala otchedwa sertraline, ena ankachita masewera monga kuyenda ndawala ndi kuthamanga katatu pa sabata moyang'aniridwa, ena ankachita zonse ziwiri. Omwa mankhwala anayamba kupeza bwino msanga, koma patatha masabata 16 magulu onse atatu anali atapeza bwino mofanana.

Mu 2024 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza ntchito ya a Michael Noetel a ku Australia ndi anzawo, amene anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 218, wokhudza anthu oposa 14,000. Anapeza kuti masewera olimbitsa thupi amachepetsadi matenda ovutika maganizo, ndipo kuyenda, kuthamanga ndi kulimbitsa minofu zinali m'gulu la njira zothandiza kwambiri. Onani kuti zonsezi n'zotheka pa Chisi pano popanda chipangizo chogula.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita masewera a mphamvu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndi kulimbitsa minofu masiku awiri pa sabata. Mphindi 150 ndi chimodzimodzi mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika mphindi 60 tsiku lililonse. Malangizowo amanenanso kuti kuchita pang'ono n'kwabwino kusiyana ndi kungokhala. Bungwe lomweli limati anthu odwala matenda aakulu a maganizo amamwalira msanga ndi zaka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi anthu ena, ndipo ambiri chimawatenga ndi matenda a thupi monga a mtima, shuga ndi a m'mapapo. Choncho kusamala thupi la m'bale wodwala maganizo n'kumuonjezera masiku.

"Ife ndi kulima konseku?"

Tikakamba izi, ena amaseka. Amati masewera ndi a anthu a m'maofesi ku Blantyre, ife timakhalira khasu, nkhafi, mtondo ndi ndowa pamutu. Mawuwa ali ndi nzeru, ndipo tiwayankhe patatu.

Poyamba, tiyang'ane wodwalayo, osati mudzi wonse. Mudzi ukulima, koma iye wakhala pamphasa miyezi itatu. Amene wachokera ku Zomba Mental nayenso timakonda kumuuza kuti, "Inu musagwire kanthu, mukudwala." Timatero pomumvera chisoni, koma kumukhazika chonchi kumamufooketsa.

Chachiwiri, ntchito yolemetsa yogwira mokakamizidwa ndi njala siipumitsa maganizo ngati kuyenda kumene munthu wasankha yekha. Amene wawerama m'munda wa mpunga tsiku lonse amatopetsa minofu yomweyomweyo, kwinaku akuwerengera ngongole mumtima. Munthu wotere safunika kuonjezera kuyenda. Amafunika kuongola msana, kumasula minofu, kupuma bwino ndi kugona mokwanira. Mafizo ake ndi amenewo.

Chachitatu, ntchito yathu ndi ya nyengo. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphwanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018, mabwato n'kutsala pamatope. Chaka chilichonse pamakhalanso nyengo yotseka nyanja. Pa nthawi zoterezi abambo amene thupi lawo linazolowera kukoka ukonde amangopezeka ali pansi pa mtengo tsiku lonse, ndalama palibe, maganizo ali mbwee. Ena amathawira ku kachasu ndi chamba, zimene zimangokulitsa vutolo. Nyengo imeneyi ndi yofunika kuti thupi lisaime.

Kuyenda: poyambira pake

Munthu amene wakhala nthawi yaitali osachita kanthu asayambe ndi mphindi 30. Sabata yoyamba ayende mphindi 5 kapena 10 zokha, mwina kukafika pa mjigo n'kubwerera. Sabata iliyonse aonjezere mphindi 5 mpaka adzafike pa 30. Liwiro loyenera ndi loti akhoza kulankhula ndi mnzake koma sangathe kuimba. Ngati akulephera kumaliza chiganizo, wathamanga kwambiri, achepetse.

Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndipo ikhale nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Kuwala kwa m'mawa kumathandiza ubongo kusiyanitsa usana ndi usiku, motero tulo limayamba kubwera pa nthawi yake. Kugona masana kuchepe, kusapitirire theka la ola.

Musadikire kuti wodwala akhale ndi chilakolako choyenda, chifukwa matendawa amayamba ndi kupha chilakolako chomwecho. Iye amayamba kuyenda asakufuna, kufuna kumabwera m'mbuyo. N'chifukwa chake kaitanidwe kathu n'kofunika. Mawu akuti, "Tadzukani apa, ulesi basi," amangomukankhira m'nyumba. Yesani kunena kuti, "Achimwene, tatiperekezani ku mjigo, zigubu ziwirizi zatikanika," kapena, "Amayi, tiyeni tikaone ngati mbewu zamera kudimba." Munthu akaona kuti akufunika pakhomo, mwendo umapepuka. Akakana lero, musakangane naye. Mawa mudzamuitanenso.

Pezani kope lakale la ana a sukulu. Tsiku lililonse lembani mphindi zimene wayenda, mmene wagonera ndi mmene wadyera. Pa tsiku la kuchipatala tengani kopelo mukaonetse anamwino. Limathandizanso wodwala kuona yekha kuti mwezi watha ankafika pa mjigo pokha, lero akufika kusukulu. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Masiku awiri pa sabata aonjezere zolimbitsa minofu. Akhale pampando n'kuimirira ka 10 osagwira ndi manja. Aime moyang'ana khoma, aike zikhatho pakhomapo, apinde mikono n'kudzikankha ka 10. Anyamule botolo la madzi la malita awiri m'dzanja lililonse, kulikweza ndi kulitsitsa pang'onopang'ono. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho n'kosavuta kudziwa kulemera kumene akunyamula. Agogo azichita izi pafupi ndi khoma kapena mzati woti agwire akadzandira.

Kupuma kotsitsa mtima

Munthu wa nkhawa amapuma mofulumira ndi chifuwa chokha. Akatero amataya mpweya wa carbon dioxide wambiri kuposa mmene thupi likufunira, ndipo zotsatira zake ndi chizungulire, dzanzi m'zala ndi m'milomo, ndi kumva ngati akomoka. Zimenezi zimamuopsa, mantha amakula, kupuma kumafulumiranso. Ambiri amaganiza kuti akufa kapena alodzedwa.

Njira yake nayi. Khalani pamphasa mutatsamira khoma. Ikani dzanja limodzi pachifuwa, lina pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mumtima mpaka 4, ndipo dzanja la pamimba ndi limene likwere. Kenaka tulutsani mpweya ndi pakamwa pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, monga mmene mayi amauzirira phala la mwana. Pitirizani kwa mphindi 5, kawiri pa tsiku. Chinsinsi chili pa kutulutsa. Pali mtsempha wautali wotchedwa vagus umene umachokera ku ubongo kupita ku mtima ndi m'mimba, ndipo pamene tikutulutsa mpweya mtsemphawu umachepetsa kugunda kwa mtima.

Muziyeserera pamene mtima uli m'malo, kuti mantha akadzafika thupi lidzakhale litazolowera kale. Amene anaona zoopsa, monga madzi osefukira a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo mpaka pano amadzidzimuka mvula ikamagunda pamalata, aonjezere ichi: aponde pansi ndi mapazi onse awiri, amve nthaka, atchule zinthu zisanu zimene akuziona m'nyumbamo, kenaka apume monga tafotokozera. Ngati sakufuna kutsinzina, asakakamizidwe.

Koma si kubanika kulikonse kumene kuli kwa nkhawa. Kupweteka pachifuwa, kutupa miyendo, mphumu kapena chifuwa chopitirira masabata awiri, zimenezo n'za kuchipatala.

Kumanga ndi kumasula minofu

M'zaka za m'ma 1920 dokotala wina wa ku America, Edmund Jacobson, anaona kuti anthu a nkhawa sazindikira n'komwe kuti minofu yawo ndi yomangika, chifukwa anazolowera. Anakonza njira yowaphunzitsa kusiyanitsa kumangika ndi kumasuka, ndipo njirayi ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero.

Gonani chagada pamphasa. Fumbatani zibakera mwamphamvu mukuwerenga mpaka 5, kenaka masulani kamodzi n'kamodzi ndipo mvetserani mmene manja akumvekera mukuwerenga mpaka 20. Chitani chimodzimodzi ndi mikono. Kenaka kwezani mapewa ngati akhudze makutu, n'kuwasiya agwe. Kwinyani nkhope, masulani. Limbitsani mimba, masulani. Ongolani miyendo mwamphamvu, masulani. Malizani ndi mapazi. Musagwire mpweya pamene mukumanga minofu, ndipo malo amene pali bala, chotupa kapena povulala muwadumphe. Zonse zimatenga mphindi 10 kapena 15, ndipo nthawi yabwino ndi usiku musanagone. Poyamba wina wa m'banja azitchula chiwalo chimodzichimodzi ndi mawu otsika.

Kuthowa khosi ndi mapewa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kumathandizanso, makamaka kwa amayi osenza katundu pamutu. Yesani madziwo ndi chigongono chanu kuti asamuotche. Kusisita mapewa n'kwabwino, koma muyambe mwapempha. Pali ena amene anachitiridwapo nkhanza ndipo kukhudzidwa kumawabwezera ku zimene anaona. Akakana, tilemekeze.

Amene akumwa mankhwala a ku Mental

Mankhwala monga chlorpromazine, haloperidol ndi jakisoni wa fluphenazine athandiza anthu ambiri kubwerera kwawo. Koma kwa ena amaumitsa thupi. Munthu amayenda mokhwekhwereza mapazi, mikono siigwedezeka, manja amanjenjemera, dovu limatuluka, nkhope imakhala ngati yosamva kanthu. Ena amalephera kukhazikika, amangoimirira ndi kukhala. Banja likaona izi limaganiza kuti matenda akula kapena mankhwala akumupha, n'kumusiyitsa. Pakapita masabata angapo matenda amabwerera, ulendo wa pa Kachulu n'kuyambiranso.

Chofunika ndi kukauza achipatala. Iwo akhoza kuchepetsa mlingo, kusintha mankhwala kapena kuonjezera ena ofewetsa thupi monga benzhexol, amene ambiri amawadziwa kuti Artane. Ife pakhomo tithandize ndi mafizo. M'mawa uliwonse atembenuze khosi kumanja ndi kumanzere pang'onopang'ono, azungulize mapewa, akweze mikono m'mwamba, atambasule ndi kufumbata zala ka 20. Poyenda mukumbutseni kuponda mapazi otalikirana ndi kugwedeza mikono. Kuwerenga mokweza kapena kuyenda motsatira nyimbo kumathandiza miyendo kugwira mayendedwe.

Ntchito za manja ndi mafizonso: kusoka ukonde, kuluka mphasa kapena mono, kutonola chimanga, kusenda mtedza, kupeta mpunga, kuthirira masamba. Zimafewetsa zala, zimapatsa tsiku ndondomeko, ndipo madzulo munthu amaloza chimene wachita. Mupatseni ntchito yake yakeyake, monga kudyetsa nkhuku kapena kusesa pabwalo, ndipo wina asamulande poganiza kuti akuchedwa.

Samalani zinthu zitatu. Mankhwala ena, monga chlorpromazine ndi amitriptyline, amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, choncho ayambe wakhala tsonga, awerenge mpaka 30, kenaka aimirire. Chlorpromazine amachititsanso khungu kupsa msanga ndi dzuwa ndipo thupi limavutika kudziziziritsa, choncho ayende m'mawa kapena madzulo, avale chipewa ndi kumwa madzi okwanira, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Chachitatu, mankhwala ena amanenepetsa, choncho pemphani kuti azimuyeza sikelo, kuthamanga kwa magazi ndi shuga.

Ngati khosi lapindika mwadzidzidzi, maso akuyang'ana m'mwamba osabwerera kapena lilime latuluka, musayese kuongola ndi manja. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, mankhwala ake alipo. Chimodzimodzi ngati thupi lauma kwambiri, latentha ndipo munthu wasokonezeka.

Tinenepo za chingwe. Mu 1910 odwala misala ankasungidwa m'chigawo cha ndende ya Zomba, ndipo chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Dziko linachoka ku ndende kupita ku chipatala, ndiye makomo athu asabwerere m'mbuyo. Munthu womangidwa pamtengo kapena wotsekeredwa m'nyumba minofu yake imatha m'masabata ochepa, mfundo zimauma, zilonda zimabuka, ndipo mantha ndi ukali zimakula. Ngati wafika poopsa, itanani alangizi a zaumoyo, amfumu ndi abale amphamvu kuti mumuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo.

Pamene mafizo sakwanira

Munthu amene akunena zodzipha, akutsanzika kapena akugawa katundu wake, sitimuuza kuti akayende kugombe kuti mtima utsike. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zochotsa moyo wake. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, koma kumamupatsa mpata wolankhula. Musamusiye yekha, chotsani tameki, mankhwala a mbewu ndi zingwe, ndipo pitani naye kuchipatala.

Amene sakugona masiku angapo, akulankhula osalekeza, akuyendayenda ndi kumwaza ndalama, thupi lake lathamanga kale. Safunika masewera, afunika malo a bata ndi chithandizo cha msanga. Amene wasiya kudya ndi kumwa, amene akumva mawu omulamula, ndi mayi amene wangobereka kumene ndipo akusokonezeka kapena akukana mwana, onsewa ndi a kuchipatala lero lomwe. Kuwapempherera ndi kuwatengera kuchipatala sizilimbana, tichite zonse ziwiri.

Odwala khunyu ayenera kuyenda ndi kusewera ngati wina aliyense, koma kuno kunyanja tisamale. Asakwere bwato okha, asasambire kapena kuchapa m'madzi okha, asakagone okha ku zimbowera, asakwere mtengo kapena denga. Madzi ofika m'mawondo ndi okwanira kumiza munthu amene wagwa khunyu.

Aliyense amene wamva kupweteka pachifuwa, kubanika kwambiri kapena chizungulire pochita masewera aleke pomwepo. Amayi oyembekezera ndi odwala mtima ayambe afunsa achipatala.

Akatswiri ake ali kuti?

Madokotala a mafizo akadali ochepa m'dziko muno. Sukulu ya College of Medicine ku Blantyre inayamba kuphunzitsa digiri ya ntchitoyi mu 2010, ndipo kuyambira 2021 sukuluyi ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Ku Blantyre komweko kuli Kachere Rehabilitation Centre. Kwa ife, kwapafupi ndi ku Zomba Central Hospital, kumene kuli chigawo cha mafizo. Ngati m'bale wanu wauma thupi, akugwaigwa kapena ali ndi ululu wa msana ndi khosi wosatha, funsani amene akumuona ngati angamutumize kumeneko pa ulendo womwewo, kuti musalipire boti kawiri. Womuperekeza alowe naye, aone masewerawo, awayese pamaso pa dokotala ndi kuwalemba m'kope. Akabwera aphunzitse wina wa pakhomo, kuti iye akachoka ntchito isaime.

Tisamusiye yekha

Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mu 2006. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu amene ali ndi vuto limene Ashona amalitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Akamvetsera, amathandiza munthuyo kusankha vuto limodzi ndi chinthu chimodzi chaching'ono choti akachite asanakumanenso. Phunziro lake kwa ife n'lakuti anthu wamba ophunzitsidwa bwino akhoza kuthandiza, ndipo chithandizo chimayenda pamene pali wina amene adzafunse kuti, "Munachita zija?"

Mafizo nawonso amalimba pawiri. Woyenda yekha amaleka sabata yachiwiri, koma amene akudziwa kuti achemwali ake akumudikira pa mlambe amadzuka. Abambo ambiri savomera kukhala pansi n'kufotokoza za mumtima, koma poyenda limodzi kapena posoka ukonde mawu amatuluka okha. Achinyamata ali ndi mpira wa miyendo ndi wa ntchemberembaye, ana ali ndi fulaye ndi jingo. Mnyamata amene wachira asatsalire kunja kwa bwalo. Muitaneni, ngakhale ayambe ndi kutola mpira. Ndipo tileke kumuitana ndi dzina la matenda ake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Osamalira wodwala musadziiwale. Mayi amene wakhala miyezi akugona khutu limodzi lili maso nayenso mapewa ake ndi omangika. Kupuma kuja ndi kumasula minofu kuja n'kwanunso. Gawanani masiku pabanja kuti aliyense apeze tsiku lopuma.

Mwezi uno tikupemphani zinthu zitatu. Ganizirani munthu mmodzi pakhomo panu kapena kwa aneba amene wasiya kutuluka, ndipo mawa m'mawa mukamupemphe kuti akuperekezeni mphindi 10. Phunzirani kupuma kwa 4 ndi 6 inu eni, kenaka muphunzitse banja lonse madzulo mutatha kudya. Ndipo ngati muli ndi m'bale amene akumwa mankhwala a maganizo, yambani kope lake lero, mulembemo tsiku lobwerera kuchipatala, ndi kuyamba kusunga ya boti tsikulo lisanafike. Mukakumana ndi zovuta poyesa izi, tiuzeni ife a zaumoyo pampingo panu kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, kuti tidzaziyankhe m'magazini ikubwerayi.